Mapanga Awiri

Munthu akakwera minibasi ku Kanjedza kulowera m'tauni ya Blantyre amadutsa pa Chichiri ndi pa Ginnery Corner, kamtunda kosatenga mphindi khumi ngati mumsewu wa Masauko Chipembere mulibe mdipiti wa galimoto. M'kamtunda kameneka muli Khoti Lalikulu, wailesi ya MBC, sukulu ya atolankhani ya MIJ, Poly imene kuyambira mu 2021 imatchedwa MUBAS, komanso maofesi a nyuzipepala za Times ndi Nation. Ndili wamng'ono ndinkaona pazenera la minibasi azibambo ovala mikanjo yakuda atakupatira mafayilo, kenaka patsogolo pang'ono anyamata atakoleka makamera m'khosi. Kwa ine onsewo anali anthu apantchito basi. Sindinkadziwa kuti tsiku lina magulu awiriwo adzakumana pa dzina la m'bale wanga, ndipo kuti ine ndidzakhala zaka zingapo ndikulakalaka kuphunzira ntchito zonse ziwirizo nthawi imodzi.

Tsiku limene ndinayamba kusirira zamalamulo ndikulikumbukira bwino. Linali Lolemba, pa 3 February 2020, ndili mu Fomu 3. Amayi anandiletsa kupita kusukulu poopa zipolowe, chifukwa ndilo tsiku limene oweruza asanu, motsogozedwa ndi a Healey Potani, ankapereka chigamulo ku Lilongwe pa mlandu wa chisankho cha mtsogoleri wa dziko cha pa 21 May 2019. Mlanduwo tinkaumvera pa wailesi kuyambira mu August 2019, omasulira akutembenuzira m'Chichewa mafunso a maloya ndi mayankho a mboni, mpaka agogo ogulitsa makala pafupi ndi kwathu anadziwa kuti tipekisi n'chiyani. Mawu oti madando, amene a Jane Ansah a bungwe loyendetsa zisankho anawatchukitsa pofupikitsa madandaulo, anali pakamwa pa aliyense. Tsikulo abambo anatulutsa wailesi pakhonde, anthu oyandikana nafe n'kubwera ndi mipando yawo. Chigamulo chinawerengedwa kuyambira m'mawa mpaka mdima. Chingerezi chake chinali cholemera, kotero kuti pakapita kanthawi wina ankanditembenukira ndi kufunsa kuti, "Mwana wasukuluwe, akuti chiyani pamenepa?"

Pamene ndinavutika kwambiri ndi pa liwu loti majority. Oweruzawo anati wopambana ayenera kupeza mavoti oposa theka la mavoti onse, osati kungoposa womutsatira. Ine ndinati, "Akuti wopambana akhale wa mavoti ambiri." Abambo ena anandiyankha kuti, "Nanga si a Mutharika anali ndi ambiri kale?" Anali ndi mfundo, chifukwa liwu lathu loti ambiri limanyamula matanthauzo onse awiri. Ndinalowa m'nyumba n'kutenga matimati khumi a amayi. Ndinaika anayi apa, atatu apo, ena atatu uko, n'kuwaonetsa kuti mulu wa anayi ndi waukulu koma sunafike pa theka. Anthu anagwedeza mitu. Usiku umenewo ndinagona ndikudziona nditavala mkanjo wakuda ngati mayi Ivy Kamanga, yemwe anali mkazi yekhayo pa oweruza asanuwo. Sindinalabadire zoti ntchito imene ndinagwira pakhondepo sinali ya uloya.

Utolankhani unalowa m'mutu mwanga kudzera m'njira yowawa. Achimwene anga aakulu anali ndi kakontena pamsika pamene ankatumizira ndi kuperekera anthu ndalama za pafoni. Geni imeneyo katundu wake weniweni ndi kukhulupirika, poti munthu amakupatsira ndalama zake m'manja asanaone uthenga. M'chaka cha 2021 anagula foni yogwiritsidwapo kale ntchito ku Limbe, monga amachitira anthu ambirimbiri. Patapita milungu itatu apolisi anabwera, akuti foniyo inabedwa m'nyumba ina. Anawatenga Lachitatu, ndipo Lachisanu anakaonekera ku khoti lina la majisitireti mumzinda momwemu. Ine ndinaperekeza amayi.

Mlandu unawerengedwa m'Chingerezi, kalaliki n'kuumasulira mwachidule, kenaka anafunsa funso limene aliyense wolowa m'khoti amalidziwa: "Mlanduwu mukuuvomera kapena mukuukana?" Achimwene, amene chibadwire sanatsutsanepo ndi munthu waudindo, anayankha mwaulemu kuti, "Ndikuvomera, bwana." Kalaliki anauza khoti m'Chingerezi kuti munthuyu wavomera kulakwa. Amayi anandigwira mkono mwamphamvu. Mwayi wake majisitireti sanapupulume. Anaika cholembera pansi n'kunena kuti awafunse chimene akuvomeracho. Achimwene anati, "Ndikuvomera kuti foniyo anaipeza ndi ine. Koma ndinachita kugula ndi ndalama zanga, ndipo sindinkadziwa kuti ndi yakuba." Apo majisitireti analemba kuti mlandu aukana, pakuti lamulo la kulandira katundu wakuba limafuna kuti munthu akhale kuti ankadziwa, kapena anali ndi chifukwa chokhulupirira, kuti katunduyo ndi wobedwa. Anawapatsa belo tsiku lomwelo.

Pakati pa yankho loyamba ndi lachiwiri panadutsa mwina mphindi ziwiri. M'mphindi ziwiri zimenezo mnyamata wina amene anakhala pabenchi yakumbuyo anali atatuluka. Madzulo ake tsamba lina la nkhani pa Facebook linatulutsa chithunzi cha achimwene akutsika m'galimoto ya polisi ali mu unyolo, pamwamba pake atalemba kuti mbava ya mafoni ya ku Kanjedza yavomera mlandu. Pofika m'mawa chithunzicho chinali m'magulu onse a WhatsApp a m'dera lathu, ngakhale la amayi a kutchalitchi. Mlandu unatenga miyezi isanu. Mboni imene inaona achimwene akulipira inabwera, ndipo khoti linawapeza osalakwa. Tsiku limenelo pabenchi yakumbuyo panalibe wolemba nkhani aliyense. Kontena inali itatsekedwa kale, makasitomala atasamukira kwa ena.

N'chifukwa chake pamene ndinkadzaza mafomu ofunsira malo ku yunivesite ndinali ndi mtima umodzi pa zinthu ziwiri. Ndinkafuna kudziwa malamulo ngati majisitireti uja, komanso ndinkafuna kukhala munthu wa pabenchi yakumbuyo amene sadzatuluka mlandu usanathe. Pofufuza pa intaneti ndinapeza kuti kumaiko ena zimatheka. Ku Australia mayunivesite ambiri amalola wophunzira kutenga digiri ya zamalamulo pamodzi ndi ya zofalitsa nkhani, zonse ziwiri m'zaka pafupifupi zisanu. Ku Rhodes University, mumzinda wa Makhanda ku South Africa, munthu angathe kuphatikiza utolankhani ndi maphunziro a zamalamulo pa digiri yoyamba, kenaka n'kuwonjezera zaka ziwiri kuti apeze LLB. Ndinakopera zonsezi m'kope langa mosamala, ndi mitengo yomwe, ngakhale ndinkadziwa kuti penshoni ya abambo singagule ndi tikiti ya basi yokafikira ku Makhanda.

Njira zimene zinali patsogolo panga zinali zosiyana. Digiri ya utolankhani inali ku MUBAS, pamene ndikanatha kumayenda wapansi kuchokera kunyumba. Zamalamulo zinali ku Zomba, ku Yunivesite ya Malawi imene akuluakulu amaitchulabe kuti Chanco, mtunda wa makilomita oposa 60. Komanso pa nthawi imene ndinkafunsira malo, ku zamalamulo munthu sankalowa ndi satifiketi ya MSCE yokha. Unkayenera kuyamba waphunzira maphunziro ena kwa chaka, ukhoze bwino, kenaka ukapikisane ndi anzako pa malo ochepa. Ndinakonza mapulani anga: ndipite ku Zomba, ndiyambe ndi maphunziro a zilankhulo ndi zolembalemba, ndidumphire ku zamalamulo, ndipo utolankhani ndizikauphunzira pa tchuthi ku Chichiri. Abambo anandimvetsera mpaka kumapeto, kenaka anati, "Mwana wanga, mapanga awiri avumbwitsa." Amayi sanayankhule. Iwo ankangofuna loya m'banja, kuti tsiku lina wina akadzatengedwanso Lachitatu pasadzakhale kugwirana mikono.

Ndinavumbwadi. Nditamaliza chaka choyamba ndinayesa mwayi wa ku zamalamulo, dzina langa silinatuluke. Palibe amene anandipondereza, anzanga anangondiposa. Za utolankhani wa pa tchuthi zinathera pa ndalama, chifukwa ngongole ya boma imene ndimalandira imathera pa lendi ya ku Chikanda ndi ufa. Kwa miyezi ingapo ndinkalambalala njira yodutsa kumene amaphunzirira a zamalamulo, kuopa kukumana ndi anzanga atanyamula mabuku awo akuluakulu. Ndinatsala m'phanga lachitatu limene ndinkaliyesa pongousa podikira kuti mvula ikate.

Zinthu zinatembenuka m'chaka chachitatu, pa phunziro la kumasulira. Aphunzitsi anatituma kuti aliyense apeze malo amene anthu amamasulirapo mawu tsiku ndi tsiku, akakhale pansi n'kumvetsera. Ena anapita kuchipatala, ena kutchalitchi. Ine ndinapita kukhoti, n'kukakhala pabenchi yakumbuyo ndi kope langa. Ndinapitako masiku ambiri kuposa amene anatituma.

Chimene ndinaona n'chakuti m'khoti la majisitireti nthawi zambiri aliyense amamva Chichewa: woweruza, wapolisi woimira boma, wozengedwa mlandu, mboni, ngakhale ife oonerera. Komabe mawu amayenda ulendo wozungulira, kuchoka m'Chichewa kupita m'Chingerezi n'kubwereranso, chifukwa zolembedwa za khoti zimasungidwa m'Chingerezi. Mlandu ukapita ku apilo, woweruza wa ku Khoti Lalikulu sawerenga zimene munthu ananena. Amawerenga zimene womasulira anati munthuyo wanena. Gawo 42 la malamulo oyendetsera dziko lino, amene tinayamba kuwagwiritsa ntchito mu 1994, limapatsa womangidwa ufulu wouzidwa chifukwa chomumangira m'chilankhulo chimene amamva, wokaonekera kukhoti pasanathe maola 48, wotengedwa kuti ndi wosalakwa mpaka khoti litamupeza wolakwa, komanso wokhala ndi womasulira wolipidwa ndi boma ngati chilankhulo cha m'khotimo sakuchimva. Ufulu wonsewu ndi wabwino. Koma umadutsa pakamwa pa munthu mmodzi amene waimirira pakati pa chipinda kuyambira m'mawa, ndipo ayenera kupeza liwu loyenera m'kamphindi.

Taonani liwu loti kuvomera. Timavomera munthu akatiitana, timavomera moni, timavomera nyimbo wina akaitsogolera, mtsikana amavomera mnyamata, mbewu zimavomera m'dothi labwino. Mwana woleredwa bwino amavomera akulu akamayankhula, ngakhale asanamve bwinobwino kumene nkhani ikulowera. Kuvomera kwa m'khoti n'kwina: ndiko kunena kuti chilichonse chimene lamulo limafuna kuti munthu akhale wolakwa ndinachichitadi, choncho boma lisavutike kubweretsa mboni. Achimwene anavomera mwa Chichewa, kalaliki anamva mwa lamulo, ndipo mnyamata wa pabenchi yakumbuyo anatenga liwulo n'kukaligulitsa.

Nalonso liwu loti mlandu lili ndi katundu wambiri. Mlandu ndi nkhani imene ili kukhoti, mlandu ndi chimene akukunenera, mlandu ndi kulakwa kumene, ndipo nthawi zina mlandu ndi ngongole. Tikati munthu ali ndi mlandu, kodi tikuti akuyankha kukhoti kapena tikuti ndi wolakwa? Ku mathero a nkhani kulinso vuto lomwelo. M'malamulo muli kusiyana pakati pa munthu amene khoti lamupeza wosalakwa, amene boma lauchotsa mlandu wake koma likhoza kudzauyambitsanso, amene wangotuluka pa belo, ndi amene wapezeka wolakwa koma chilango chake chaimikidwa. Pamsika onsewa timangoti amutulutsa. Ndipo tikati amutulutsa, womvera amadziwonjezera yekha kuti pali amene wadyapo.

Liwu limene landisowetsa tulo kwambiri ndi loti kumanga. Apolisi akagwira munthu timati amumanga. Khoti likamulamula kukakhala kundende zaka zisanu timatinso amumanga. Mawailesi ena amayesetsa kusiyanitsa: amati apolisi akusunga m'chitokosi munthu amene akumuganizira, ndipo liwu loti woganiziridwa lakhazikika ndithu m'nkhani za pa wailesi. Koma ndi lalitali, ndipo pamutu wa nkhani mbava imakwana bwino. Maganizo anga, amene aphunzitsi anga sanagwirizane nawo kwathunthu, ndi akuti liwuli ndi limodzi chifukwa kwa zaka zambiri chinthucho chinalidi chimodzi. Ku Kanjedza komwe kuno kunali kampu imene boma la atsamunda linatsekeramo anthu a Nyasaland African Congress popanda kuwazenga mlandu, Bwanamkubwa Robert Armitage atalengeza za chisokonezo pa 3 March 1959. Mu ulamuliro wa chipani chimodzi zinapitirira. Jack Mapanje, katswiri wa zilankhulo komanso mlakatuli amene ankaphunzitsa pa sukulu yathu yomweyi, anatengedwa mu September 1987 n'kukhala ku Mikuyu mpaka mu May 1991 osaonekera kukhoti. Kwa anthu amene anaona zotere, kugwidwa ndi kulangidwa kunalibe malire. Malamulo anasintha mu 1994, koma liwu silisintha ndi voti ya ku Nyumba ya Malamulo. Aphunzitsi anati ndikufulumira, poti liwulo likhoza kungochokera ku chingwe chimene ankamangira nacho wogwidwa. Mwina akunena zoona. Koma chingwecho nachonso sichinkadikira chigamulo.

Pali chinthu china chimene ndiyenera kuulula. Mu 2021 ndinkafunitsitsa kuti wolemba nkhani uja amangidwe, m'matanthauzo onse awiri. Nthawi imeneyo kuipitsa mbiri ya munthu unali mlandu woti apolisi akhoza kukugwira nawo, malinga ndi gawo 200 la malamulo a milandu ndi zilango. Mu July 2025 Khoti Lalikulu, litakhala ngati khoti lotanthauzira malamulo oyendetsera dziko pa mlandu wa a Joshua Chisa Mbele, linagamula kuti gawo limenelo likutsutsana ndi ufulu wolankhula. Izi zinadza patapita zaka zosakwana zitatu aphungu atachotsa milandu yokhudza mawu oukira boma mu November 2022. Anzanga m'kalasi anakondwera, ndipo nane ndinakondwera, koma pakhosi panali kanthu. Ndinafunika masiku angapo kuti ndidziyankhe. Funso limene linandithandiza linali lakuti: lamulolo lilipo, kodi linateteza achimwene? Iyayi. Munthu wa kakontena sakanatha kudzutsa apolisi kuti akasake mwini tsamba la pa Facebook. Amene ankatha kutero ndi anthu a mipando, ndipo ogwidwa ankakhala owadzudzula. Gawo 35 ndi 36 la malamulo oyendetsera dziko limateteza ufulu wolankhula ndi wa atolankhani, ndipo dziko limene linatsekera Mapanje likudziwa mtengo wa ufulu umenewo. Njira yotsala kwa woipitsidwa mbiri ndi yokasuma yekha kuti alipidwe chipukuta misozi, koma imeneyo imafuna loya, ndipo loya amafuna ndalama zimene achimwene anali atataya kale. Choncho ndikuvomereza chigamulocho ndi mutu wanga wonse, mtima ukutsalira pang'ono m'mbuyo.

Sindikunena kuti digiri yophatikiza zamalamulo ndi zofalitsa nkhani ndi yosafunika. Ikanakhala pafupi ndikanaithamangira, ndipo mpaka lero ndikaona anzanga a zamalamulo akuyeserera milandu atavala mikanjo kansanje kamandigwira. Mtolankhani wodziwa kuti mlandu sutha pa yankho loyamba sakanatuluka m'khoti muja. Wodziwa lamulo lopatsa anthu mwayi wopeza nkhani za boma, limene linayamba kugwira ntchito pa 30 September 2020, amafunsa mafunso ndi mphamvu zina. Koma ndaona kuti ngakhale ndikanapita ku Makhanda kapena ku Sydney, zonse ziwiri ndikanaziphunzira m'Chingerezi, ndipo pobwera kuno ndikanapezabe amayi anga akudikira pakhonde kuti wina awauze kuti akuti chiyani. Malamulo athu amalembedwa m'Chingerezi, phungu amayenera kudziwa kulankhula ndi kuwerenga Chingerezi kuti aloledwe kupikisana, ndipo zigamulo zimatuluka m'Chingerezi. Koma Amalawi ochuluka amamva za malamulowo pa wailesi, m'Chichewa, m'Chitumbuka, m'Chiyao ndi m'zilankhulo zina. Pakati pa khoti ndi wailesi pamakhala womasulira nthawi zonse, kaya ndi kalaliki, kaya ndi mkonzi wa nkhani za Chichewa amene wapatsidwa chigamulo cha masamba makumi asanu patatsala theka la ola kuti nkhani ziwerengedwe, kaya ndi mtsikana wa Fomu 3 ndi matimati ake. Munthu ameneyu savala mkanjo ndipo dzina lake silituluka pansi pa nkhani.

Kafukufuku wanga wa chaka chomaliza ndi wa mawu makumi atatu a m'khoti ndi m'mene amamvekera akafika pa wailesi ndi pamsika. Ena ndawapezera njira. Mwachitsanzo, m'malo mofunsa ngati munthu akuvomera mlandu, womasulira angathe kuuphwanya n'kufunsa chimodzichimodzi: foni munali nayo? Munkadziwa kuti ndi yakuba? Zimatenga nthawi, koma n'zimene majisitireti uja anachita. Ena andikanika. Sindinapezebe liwu lalifupi, lokwana pamutu wa nkhani, lonena kuti munthu khoti lamuyeretsa, limene wa pamsika sangalimve ngati kungomutulutsa.

Pa tchuthi chapitachi ndinawaonetsa achimwene mutu wonena za kuvomera. Pano amayendetsa kabaza wa njinga yamoto pakati pa Kanjedza ndi Limbe. Anawerenga ataimirira, chipewa chili m'manja, milomo ikuyenda pang'onopang'ono. Atamaliza anati, "Ndiye chemwali, ukamaliza zimenezi udzakhala loya kapena mtolankhani?" Ndinawauza kuti mwina palibe mwa ziwirizo. Anaseka, n'kunena kuti abambo anandichenjeza.

Usiku umenewo ndinafufuza tsamba lija. Chithunzi chikadalipo, ndi ndemanga zake mazanamazana za mu 2021. Ndinalemba pansi pake kuti munthu ameneyu sanavomere mlandu, ndipo khoti linamupeza wosalakwa. Ndinalemba m'Chichewa, ndinabwereza kanayi ndisanatumize, chifukwa poyamba nane ndinali nditalemba kuti anamutulutsa. Papita milungu isanu ndi umodzi tsopano. Munthu mmodzi yekha ndiye waikapo chala chosonyeza kuti waona, ndipo ndi amayi.